Mchere wa Mayi Supuni

Pamzere wathu wa nyumba za lendi palibe amene sawadziwa Mayi Supuni. Dzinali analitengera kumsika, komwe agulitsa mchere zaka makumi awiri, akumapungula supuni iliyonse ndi chala ngati akuyeza mankhwala. Amuna awo anali ophika m'sitima yonyamula katundu, ya panyanja yaikulu yamchere ija. Tsiku lina anaterereka potaya madzi otsukira mbale, n'kugweramo. Kunyumba kunabwera chikwama ndi kalata basi. Mtembo sunapezeke.

Mayiwa analira, n'kuzolowera, ana n'kuwalera okha. Anadzawasokoneza ndi Aphunzitsi a chipinda chakumapeto, munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba kukufotokozera mmene wotchi imayendera. Tili pamzere wa pampopi, wina anafunsa chifukwa chake madzi a nyanja ija samweka. Aphunzitsi anatula ndowa. Akuti mvula imanyambita miyala pang'onopang'ono, mitsinje n'kunyamula timchereto kukatula m'nyanja. Dzuwa limakweza madzi okha, mchere n'kutsala. Wina umatulukira m'ming'alu yotentha ya pansi pa nyanjayo. Anthu amatchinga madziwo m'maiwe osaya, akaphwa n'kukokola, ndiwo umene uli m'matumba a Mayi Supuni.

"Ndiye chogweramo sichituluka?" anafunsa mayiwo.

"Chimasungunukira momwemo, mayi," anatero Aphunzitsi, akumwetulira ngati akhoza mayeso.

Kuyambira tsikulo mchere anasiya kuugwira ndi manja. Kumsika ankavala jumbo kudzanja, ndipo mumphika mwawo sankathiranso. Anandinong'oneza kuti thumba likachita chinyezi ndiye kuti bambo akutuluka thukuta. Ine ndinalumbira kuti sindiuza munthu, koma ndisaname, pofika Loweruka mzere wonse unali ukuseka.

Kuseka kunatha mdzukulu wawo wa zaka ziwiri atayamba kutsegula m'mimba. Mayi ake anapita naye kuchipatala m'mawa, anapatsidwa timapaketi tosungunula m'madzi, mwana n'kumusiyira agogo, iwo n'kuthamangira kufakitale kosoka. Analakwa chimodzi: potsazika ananena kuti mankhwalawo ndi shuga ndi mchere chabe.

Masana ndinalowa kukabwereka sefa. Mwana anali pamatiresi, maso atalowa, milomo itauma, akulira popanda misozi. Nditamutsina khungu la pamimba, linatsala chiimire. Timapaketi tinali pamwamba pa kabati, tosatsegula. Mayi Supuni anali atakhala pansi kukona. Akuti mwanayu anamutcha dzina la malemu, ndiye akangomumwetsa mcherewo, mwini dzina abwera kudzamutenga. Chimene ankamupatsa ndi madzi okhaokha, omwe ankangodutsa.

Ndinathamangira kusukulu osavala nsapato, kukawatulutsa Aphunzitsi m'kalasi choko chili m'manja. Panjira ndinawachenjeza kuti akayambanso za mitsinje yawo ndiwaphwanyira magalasi. Atafika n'kuona mwanayo, nkhope inagwa. Anagwada pasimenti, thalauza la kuntchito lomwelo.

"Mayi, mchere uja unalimo kale bambo asanabadwe, ngakhale agogo awo asanabadwe. Iwo anangoupeza. Koma mwanayu wake ukutha m'thupi, ndipo sadikira."

Mayiwo anayang'ana kabati, n'kuyang'ana mwana, amene tsopano anali atasiya ngakhale kulira. Ine ndinali nditang'amba kale paketi n'kusungunula, koma kwa ine kamwanako kanakukuta mano. Kamamwa za agogo ake okha. Ndinawaikira Mayi Supuni kapu m'manja. Anakwawa mpaka pamatiresi.

"Bambo, uyu yekha musiyeni," anatero chapansipansi, n'kugunditsa kapu pamilomo.

Mwana anameza kamodzi. Tinadikira. Anamezanso, n'kusanza, Aphunzitsi n'kunena kuti tipume pang'ono tiyambirenso. Tinayambiranso, kadontho kadontho.

Mayi ake poweruka anatipeza anthu atatu akuluakulu titazungulira matiresi onyowa, tikusangalalira mkodzo wa mwana ngati mvula yoyamba.