Kudikira Atsibweni

Nditamaliza maphunziro a unamwino ananditumiza kuchipatala china cha kumapiri, chakumalire a Dowa ndi Ntchisi, ndipo anandiika ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Ndinkayenda ngati chipatala chonsecho ndi cha bambo anga. Koma masabata oyamba ntchito yanga inali kutsuka malumo ndi zopanira, kuzikulunga, n'kuziika m'makina ophera tizilombo. A sisita aakulu a ku fiyetako, mayi wosaseka wamba, ankati manja anga akadali a pasukulu. Zinkandiwawa. Ndinkalakalaka tsiku loti ndivale gauni ndi magolovesi, ndiime pambali pa adokotala n'kumawapatsira zida.

Tsikulo linafika m'nyengo ya dzinja, fodya ali m'munda. M'mawa anabwera ndi mayi wachitsikana, wamsinkhu wanga ndithu, atagwira pamimba. Adokotala atamuunika anati mimba inakhala kunja kwa chiberekero, yaphulika, ndipo magazi akutayikira m'kati.

"Konzani tebulo," a sisita anandiuza. "Lero muimapo ndinu."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinayala zida zanga mwadongosolo ngati ndikuyembekezera alendo.

Kenako anandituma kuwodi kukamutenga. Ndinam'peza atagona chammbali, milomo itayera, apongozi ake atakhala pansi pafupi ndi bedi. Mtsikanayo anali pachitengwa: kwawo kunali kuseri kwa mapiri, ndipo mwamuna wake anali ku Joni.

"Tiyeni achemwali, tikakuthandizeni," ndinatero.

"Atsibweni abwere kaye," anayankha motsitsa. "Musanding'ambe iwo asanamve."

Ndinatembenukira kwa apongozi aja. Iwo anawomba m'manja mwaulemu.

"Anamwino, ine ndine mpongozi chabe. Mwanayu ali ndi eni ake. Ndivomere ine, china chake n'kuchitika, ndikaima pati pamaso pa abale ake? Adzati tinam'tenga ali bwinobwino n'kukam'pereka kumpeni."

Ndinapsa mtima, magazi anawira. Ndinawauza kuti mayiyu ndi wamkulu, lamulo limamulola kuvomera yekha. Ndinanyengerera, ndinaopseza, ndinafotokoza za m'buku mpaka kukhosi kuuma. Adokotala anabwera. A sisita anabwera, mpaka anagwada pambali pa bedi. Mtsikanayo ankangopukusa mutu. Chondipweteka n'chakuti ndinkamumvetsa. Inenso ndinakulira kumudzi, ndipo kwathu nkhani yaikulu siyenda atsibweni asanaikepo mawu. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo atsibweniwo ndi amene anamulera. Sanali wouma mutu ayi. Ankaopa, ndipo ankafuna munthu wake.

Foni ya atsibweni sinkapezeka, poti kwawoko netiweki mpaka ukwere pachulu. Tinatuma wa kabaza wa njinga yamoto kuti akawatenge, koma mvula inali itagwa yambiri ndipo msewu wonse unali phala lokhalokha. Tinamuika dilipi n'kumadikira. Ine ndinkangozungulira pakati pa wodi ndi fiyeta, kukaona ngati zida zili zophimbidwa bwino, kubwerera kukagwira dzanja lake lomwe linkangozizirabe. Nthawi ina anandifunsa ngati pamimba padzatsale chipsera chachikulu. Ndinati chaching'ono, chitenje chizidzabisa. Anamwetulira, ine n'kuganiza kuti tsopano avomera. Koma anangoti, "Afika pompano, satha kundisiya."

Dzuwa litapendeka anakomoka. Apo panalibenso wom'funsa, tinathamanga naye ku fiyeta. Ndinasamba m'manja, ndinavala gauni, ndinaima pamalo amene ndinkawasirira aja. Adokotala atatsegula, magazi anali thoo m'mimba monse. Chilichonse chimene anapempha ndinapereka, osalakwitsa. Mtima wake unaima tili m'kati mwa ntchito. Tinayesa, tinayesanso, mpaka wogonetsa odwala anapukusa mutu n'kuzimitsa makina.

A sisita anandigwira paphewa n'kunena kuti ndagwira bwino ntchito. Mawu amenewo anandilasa kuposa kunyozedwa. Kugwira bwino kwake kuti, munthu atagona pamenepo? Tinam'pukuta, tinam'funditsa nsalu, ndipo ine ndinapita kusinki, n'kutsegula mpopi kuti anzanga asamve kuti ndikulira. Ndinalira ndi chisoni, ndinaliranso ndi ukali, koma wom'kwiyira ndinam'sowa.

A sisita anali akuvula gauni kuti akauze apongozi aja, amene anali kudikira kuwodi. Ine ndinatsogola kutuluka kuti ndikapume mphepo. Pakhomo la fiyeta ndinapeza bambo wachikulire ataima, matope mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja. Atandiona anavula chipewa n'kuwerama pang'ono, akupumira m'mwamba.

"Anamwino, ndine mtsibweni wake wa mwana uja. Pepani ndachedwa. Njinga inakanika pamtsinje, ndiye ndachita kuyenda pansi."

Ndinayang'ana kumbali. Iwo anaganiza kuti ndakwiya nawo, ndipo anafulumira kupitiriza.

"Ndavomera, mayi. M'chiteni opaleshoniyo, musadikirenso munthu. Koma chonde ndimuoneko kaye musanam'goneke. Mwana ameneyu amaopa akakhala yekha."