Aai wa abambo anga

Zilembo ndinazidziwa mochedwa ine, imvi zitamera kale. Ndikamalemba ndimayimba, ndikamayimba ndimakumbuka, ndiye mundipirire.

Tinachoka kwa Apwitikizi ine ndili kumsana. Abambo anapempha malo pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, nkupatsidwa kachigawo m'mbali mwa mtsinje. Malowo sanali athu. Mzungu akangoti chokani, denga linkagwa tsiku lomwelo. Tinkagona tikudziwa, tinkadzuka tikudziwa.

Chaka chimene ndinayamba kuthyola tiyi, boma linati limange msewu ndi mlatho kuti tiyi azifika msanga kunjanji. Oyeza anabwera m'chilimwe, mtsinje utaonda ngati ulusi. Panali mzungu wa chingwe choyezera, panali kalaliki womasulira, munthu wakutali wosadziwa Chilomwe. Anapeza abambo akudula nsungwi, ine ndikuchapa pamwala.

"Iwe mkulu," anatero kalaliki akuloza chikhomo chimene anakhoma m'mbali mwa gombe, "dzinja madzi amafika apa?"

Chinyanja abambo ankachimva, koma lilime linali likadali kwawo. Anavula chipewa nkuyankha kuti, "Aai."

Kwathu aai ndiye inde. Tikafuna kukana timati hooye. Koma kalaliki anamva ayi, nkulemba ayi, nkutseka buku. Sanafunsenso kachiwiri. Ine ndinamva, ndinaona pamene mawu apindikira, koma mtsikana wa thovu m'manja angalowerere bwanji nkhani ya anthu ovala nsapato? Ndinangopitiriza kuchapa. Mpaka lero chimandiwawa.

Ntchito inayamba. Amuna kuswa miyala, ife kusenza. Nkhata pamutu, mwala pankhata, ulendo wotsika, ulendo wokwera. Tinkayimba kuti khosi liiwale. Abambo ataona kuti zipilala zikuima pachikhomo pomwe paja, anapita kwa kapitawo, Mmang'anja wanthabwala amene ankatiyang'anira.

"Akapitawo, madzi amapita pamwamba. Pamwamba ndithu."

"Achimwene, pepala linapita kale kulikulu. Mukufuna ndilithamangire ndi miyendo yanga yamatewe iyi?"

"Mtsinje sudziwa pepala."

"Ndiye kauphunzitseni kuwerenga. Nyamulani mwalawo."

Simenti inachedwa, itabwera inanyowa, nkuuma m'matumba momwemo. Mzungu woyeza anamusamutsa. Anabwera wina, sanayang'ane mtsinje, anayang'ana pepala. Wina uyunso anadwala malungo nkupita. Aliyense wobwera ankakhulupirira wopita, ndipo amene ankadziwa madzi ndi ife, osenza miyala. Minda yathu inamera nsongole chifukwa manja anali kumlatho.

Mlatho unatha mvula ili pafupi. Ngolo zinawolokapo masabata ochepa. Tsiku lina masana, mvula itagwa kuphiri, tinamva mtsinje ukubwera, uuu, ndi mitengo yake, ndi nthochi za anthu. Tinaima pamtunda madengu ali kumsana. Madzi anakwera chipilala, anakwera matabwa, anapita pamwamba monga ananenera abambo. Pamene ankaphwa, panatsala mano awiri a miyala. Makosi athu onse anapita ndi madzi aja.

Kenaka kunamveka kuti boma likufuna munthu amene ananamiza oyeza. Msilikali anabwera kudzaitana abambo. Amayi anamanga mitolo usanafike mmawa wa mlandu, mphika, mphasa, mbewu ya nandolo, poti tinkadziwa kuti wonamiza boma sangagonenso pa esiteti. Tinawaperekeza ku Boma wapansi, amayi ndi ine.

Pakhonde panali mzungu watsopano ndi kalaliki watsopano. Kalaliki anafunsa maso ali pabuku.

"Kodi ndiwe unafunsidwa za madzi chaka chija?"

Abambo sankadziwa kunama. Anavula chipewa chomwe chija.

"Aai."

"Akuti si iyeyu, bwana. Pita, mkulu. Wina abwere."

Abambo anatsegula pakamwa kuti akonze. Amayi anawakoka malaya kumbuyo, kukoka kwenikweni, mpaka ulusi unathetheka. Tinatsika masitepe osacheuka.

Panjira amayi ankaseka misozi ikugwa. Ine ndinayambitsa nyimbo, mapazi osamva minga. Tili pafupi kufika abambo anati m'Chilomwe, "Ndanena zoona kawiri. Kawiri konse sanandimve."

Tinamasula mitolo. Nyumba ija sinagwe, ndipo ana anga atatu ndinaberekera momwemo, aleluya.

Chilimwe chotsatira anatiitananso kukasenza miyala. Chikhomo anakhoma pomwe paja, poti pepala linali likunenabe kuti madzi safika.