Kapepala ka m'mimba mwa gitala

Ntchito zikutha mu Dublin muno, ndiye abwana anga a ku Crumlin atulutsa gitala yakale ya ku Spain kuti aigulitse. Fungo la thabwa lake landibwezera ku mishoni kwathu.

Ndili mu Sitandade 4, a Bambo Mfumu anandituma kupukuta gitala yawo yotereyi. M'kati ndinaonamo kapepala kachikasu, kolembedwa mokhotakhota. Pofuna kuti andiyamikire, ndinakapala ndi supuni mpaka mbee!

"Mwanawe, dzina la mmisiri lili kuti?"

"Ndayeretsa, Abambo."

Sanaiimbenso, ngakhale inkalira chimodzimodzi.

Lero wogula wabwera, waunika kapepala ndi tochi, wanyamula gitala osakhudza nsambo ngakhale imodzi. Kani anthu ophunzira amamvera gitala ndi maso.