Kadontho kobiriwira pa dzina la amayi

Fungo la parafini likandipeza, ndimabwerera ku Boitekong, komboni ya kumigodi kunja kwa dziko lathu, m'kachipinda kathu ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, chaka chimene amayi anabwerera ku Dedza kukadwalira kwawo. Inali nyengo yachisanu. Fumbi la kumigodi linkalowa mpaka m'mano, ndipo bulangete lathu linkanunkha utsi wa pulayimasi.

Bambo akaweruka kushafuti ya mgodi masana, ankandipatsa foni yawo ya mabatani ofufutika. Munali kapulogalamu kotchipa ka macheza kamene ana onse a mumzere wathu ankakakonda. Munthu akalowamo, pambali pa dzina lake pankayaka kadontho kobiriwira. Amayi ankabwereka foni ya mng'ono wawo, mayi aang'ono a Esinati, ndipo ine ndinkakhala pa ndowa yovundikira, kudikira kadonthoko.

Anzanga ankalemba zodula michira: "wud" pofunsa kuti ukutani, "xap" ngati zili bwino, "lol" akamaseka. Amayi ayi. Ankalemba pang'onopang'ono ngati akusankha mpunga, mawu athunthu: "Chisomo mwana wanga, wadya? Uvale juzi." Ndinkawaseka. Ndinayesa kuwaphunzitsa kankhope komwetulira ka timadontho tiwiri ndi kauta, koma kankawakanika.

Ndiye tsiku lina mayankho anayamba kubwera msangamsanga. "Ndili xap mwana wanga lol." Kankhope kaja nakonso kanabwera. Ndinathamangira bambo, amene ankatsuka mabutsu awo panja.

"Ababa, amayi achira! Taonani, mpaka aphunzira lol!"

Foniyo sanaiyang'ane. Anangoti, "Eya, mama, uwayankhe," n'kupitiriza kukwecha butsu loyera kale.

Ndinacheza ndi kadontho kaja mpaka mayeso anatha. Ndinkakauza za aphunzitsi, za dzino langa logwedera, ndiponso kuti malo awo pabedi ndawasungira. Sukulu itatsekera, bambo anandikhazika pa ndowa ija, iwo n'kugwada pansi. Amayi anali ataikidwa kale. Bambo anali atapempha mayi aang'ono kuti azindiyankha, ndilembe kaye mayeso.

Macheza aja anatsekedwa kalekale, ndipo mauthenga onse anapita nawo, a amayi ndi a mayi aang'ono omwe. Palibenso amene amalemba "wud". Mwana wanga amangolankhula m'foni, mawu n'kupita. Koma ndikaona "lol" penapake, mtima umandigwa.

Nthawi ija ndinkadziwa kuti wodwala akayamba kuseka ndiye kuti wachira. Tsopano ndimaona mayi aang'ono aja, akali mtsikana, ku Dedza, mpango wamaliro udakali kumutu, akuseka m'malo mwa mkulu wake chifukwa kalembedwe kena sankakadziwa. Ine mpaka lero sindidula mawu. Anzanga amati ndimalemba ngati gogo, ndipo ndimangowasiya.