Mtima umene Mwatichani ankaumva m'khutu

Kufakitale ya zakumwa aliyense ankamutchula Mwatichani, chifukwa ukamulankhula kamodzi, yankho lake linali lomwelo. Iye sankakwiya nalo dzinalo. Ntchito yake inali kuima patsogolo pa nyale yoyera, maso tong'o, mabotolo otsukidwa akudutsa pa lamba, n'kumachotsa ong'aluka ndi othothoka pakamwa. Anayamba ali mtsikana. Mabotolowo ankagundana tsiku lonse, ndipo madzulo ena atafika kunyumba anapeza kuti phokoso labwera naye. M'khutu lakumanzere munkalira nziii ngati nyenje, osapuma.

Anadandaula, koma kwa yani? Anzake ankamuseka kuti alipo amene akumunena. Adokotala anasuzumira m'khutumo ndi katochi, n'kunena kuti mulibe kanthu, azolowere. Mwamuna wake, dalaivala wa lole, munthu wabwino ndithu koma wosapirira nkhani yobwerezabwereza, anamuuza kuti mkazi wodandaula chinthu chosaoneka amatopetsa. Ndiye Mwatichani anaphunzira kutseka pakamwa, ndipo anaphunzira bwino kwambiri. Zimandipsetsa mtima ndikaganiza kuti onse amene anamuphunzitsa zimenezi ankaona ngati akumuthandiza.

Mimba ziwiri zinapita padera. Alamu ake, achemwali a mwamuna, anasiya kufunsa, ndipo kusafunsako kunkapweteka kuposa mafunso. Yachitatu itakhazikika, Mwatichani ankayenda ngati wasenza mazira. Kusikelo anesi anamuika kachipangizo pamimba, ndipo anamva mtima wa mwana wake ukugunda mofulumira, thi thi thi. Analira osachita manyazi. Anesiwo anamuuzanso kuti magazi ake akuthamanga pang'ono, ndipo akaona chachilendo chilichonse abwere msanga.

Chachilendo chinabwera mwezi wachisanu ndi chiwiri. Anali kuchapa pabafa kuseri kwa nyumba pamene pansi pa kulira kwa nyenje kuja panayamba kugunda china, thi thi thi, m'khutu lomwe lija. Anasiya chovala m'madzi n'kumvetsera. Kugunda kumeneku anali atakumvapo kusikelo. Anagwira mimba yake n'kuseka yekha. Khutu limene linamuzunza zaka zonsezi, lero linali kumubweretsera mwana wake.

Anawauza alamu ake okha. Iwo anaomba m'manja kuti zoterezi n'zamwayi, mayi ndi mwana agwirizana kale. Kuyambira pamenepo Mwatichani anasintha. Pa nthawi yopuma ankathawa anzake n'kukakhala m'chipinda chosinthira zovala, pakati pa majombo onyowa ndi maovololo opachika, kuti amumve bwino. Munthu amene ankadana ndi malo a zii anayamba kuwafunafuna.

Mapazi anatupa mpaka jombo kukana. Mphete anaivula ndi sopo. Mutu unkamuwawa kutsogoloku, ndipo poyang'ana nyale ija ankaona timadontho touluka. Tsiku la sikelo linafika akapitawo atanena kale kuti anthu ndi ochepa pa lamba, wojomba asabwerenso. Mwatichani sanatsutse. Zotupazo aliyense ankati n'za mimba, mutuwo ankati ndi nyale, ndipo iye anali ndi sikelo yakeyake m'khutu.

Kenako mwana anasiya kusuntha. Tsiku loyamba anati wagona. Lachiwiri anamwa madzi ozizira, anagona chammbali, anakodola mimba ndi chala. Mantha anamugwira, inde, sanali chitsiru. Koma akatseka maso mtima uja unali pomwepo, ukugunda mwamphamvu kuposa kale, ndipo ankadziuza kuti mwana wa mtima wotere sangakhale pavuto. Mwamuna wake anali paulendo. Amene anamutengera kuchipatala anali anzake akuntchito, atagwa pafupi ndi lamba masana dzuwa likuswa mtengo.

Anesi achikulire anayendetsa kachipangizo kaja pamimba ponse, uku ndi uku, kenako anaitana anzawo, anzawowo anaitana adokotala. Atamuuza, Mwatichani anapukusa mutu.

"Makina anuwo ndi owonongeka, amayi. Ine ndikumumva. Ngakhale panopa ndikumumva."

Anesiwo sanamukalipire. Anakhala pamphepete pa bedi, anatenga zala ziwiri za Mwatichani n'kuziika pakhosi pake pomwe, pansi pa chibwano.

"Mvetserani m'khutumo, mwanangu, muyerekeze ndi apa."

Zinkagunda limodzi. Mwatichani anachotsa zala, anazibwezeranso, anadikira kuti mwina zisiyana ngakhale kamodzi. Sizinasiyane. Anesi anafotokoza pang'onopang'ono kuti magazi ake anakwera kwambiri, ndipo chimene ankamva chinali magazi akewo akudutsa pafupi ndi khutu. Anamufunsa chifukwa chake sananene. Mwatichani akanayambira pati?

Mwanayo anali wamkazi, wa tsitsi lambiri. Anamulola kumunyamula kanthawi. Mwamuna wake anafika zonse zitatha, analira kukhonde la chipatala ngati mwana, ndipo alamu ake sanathe kumuyang'ana m'maso. Kunyumba mkaka unabwera wopanda woyamwa, n'kumanyowetsa malaya. Achipatala anamupatsa mapiritsi otsitsa magazi, ndipo ankamwa mokhulupirika chifukwa mwamuna wake ankaima pomwepo ndi kapu ya madzi.

Kugunda kuja sikunathe msanga. Mwatichani ankadziwa tsopano kuti ndi mtima wake, palibe amene akanamunamizanso. Komabe m'nyumba mukakhala mopanda anthu ankakhala pampando, khutu lakumanzere atalitsamiza pakhoma, n'kumamvetsera. Chinali chinthu chokhacho chimene chinatsala cha miyezi ija.

Mapiritsi anagwira ntchito yake. M'mawa wina akusesa pabalaza anaima, tsache m'manja. Nyenje inali kulira yokha. Anapendeketsa mutu, anagwira mpweya, anathamanga kukwera ndi kutsika masitepe apakhomo kuti mtima ufulumire. Kunalibe.

Mwamuna wake anamupeza atakhala pansi pakhomopo, akupuma mwawefuwefu. Atamva chimene chachitika nkhope yake inawala, koyamba chichokereni kuchipatala.

"Bola, mayi. Ndiye kuti mwachira."

Mwatichani anamumva bwinobwino, mawu onse. Kenako anapempha kuti mapiritsi a tsiku limenelo asamupatse.