Njinga ya Chipukuta Misozi

Gudumu lakutsogolo la njinga ya atate linali lopindika ngati lichero lopondedwa ndi ng'ombe. Amayi analikoleka pakhonde magazi ataumira m'masipoko, ndipo analetsa aliyense kulitsuka.

Inali nyengo yogulitsa thonje. Lole yonyamula mabelo inawagunda atate pamsewu waukulu, kufupi ndi Sinda, n'kuwakhwekhwereza pa tala. Titafika tikuthamanga tinapeza anthu atamutulutsa dalaivala, akumusinja ndi miyala, mano ali mbwee pansi. Sindinamumvere chisoni, ndipo mpaka lero sindimumvera.

Eni lole anavomera kupereka chipukuta misozi. Kukhoti ku Katete atafunsa kuti mwini maliro ndani, atate aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anaimirira msangamsanga. Pa mwambo wathu ife ana ndife mbumba ya amalume, ndipo mwamuna ndi wa kwawo, wamoyo kaya wakufa. Ndalama zonse anapinda ndi iwo. Kunali kuba kumene kuja, kuba masanasana, koma ndani akanatsegula pakamwa?

Amayi anapita kukapempha ya yunifomu yanga yokha, poti aphunzitsi anali atandibweza kale. Anabwerako diso litatupa, mlomo ukuchucha magazi. Azakhali, mlongo wa atate, anawakoka tsitsi pabwalo ponse akukuwa kuti, "Munamupha ndinu, munamutuma mchere!" Amalume atamva anatola nkhwangwa, anthu n'kuwamangirira kumtengo ndi luzi mpaka mtima utatsika. Sukulu ine ndinalekera pomwepo.

Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndi ndiwo kumutu, atate aang'ono anandipeza panjira ali pa njinga yatsopano, yakuda bii, yonunkhira girisi. "Kwera, mwanawe!" Ndinakwera, kupusa ine! Anandizungulitsa mudzi wonse ndikuliza belu, ndikuseka mpaka misozi. Ananditsitsa pabwalo pathu amayi akuona.

Amayi anadikira kuti atate aang'ono apite, kenako anatsitsa gudumu lija, nasolola chubu chake, n'kuyamba kundikwapula nacho kumsana, kumiyendo, paliponse, ndiwo zili balala m'fumbi. "Wakwera pa mtembo wa atate ako!" Anabwereza mawuwo mpaka kusasa, kenako anagwada n'kundikumbatira mwamphamvu, zilonda zanga zikuwawa.

Za mtembozo sindinazimve, poti atate tinali titawaika kalekale. Ndinkayesa kuti amayi akwiya chifukwa ndachedwa ndi ndiwo. Ndinawapukuta misozi ndi dzanja, n'kuwalonjeza kuti atate aang'ono akadzanditenganso, ndidzawauza apalase mofulumira.