Tsiku Limene Ndinajambula Zakariya

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene maso a bambo anga anayamba kuchita khungu. Nkhondo inali itangotha, ifenso titangobwerera kwathu ku Zóbuè kuchokera kothawa. Bambo ankajambula anthu pamsika ndi kamera yakuda, yolemera, imene anagula kwa woyendetsa lole wina. Inkayendera timapilya, timabatire tiwiri tonga mabatani, ndipo ukaika diso pakabowo kake unkaona timagetsi tofiira tokuuza ngati kuwala kwakwana. Koma kuti nkhope ioneke bwino, unkayenera kupotoza wekha galasi la kutsogolo. Zimenezi zitayamba kuwakanika, bambo anaphunzitsa ine, ngakhale anthu ankati mtsikana angoononga filimu.

Tsiku lina kunabwera Anaphiri, mayi wa kutchalitchi kwathu. Mwana wawo Zakariya anagwidwa nthawi ya nkhondo, ndipo iwo anali atamulira kale maliro. Tsopano anamva kuti ali moyo ku Moatize, akusoka nsapato pafupi ndi njanji, koma akukana kubwera kumudzi. Anapempha kuti tikamujambule, aone ndi maso awo ngati alidi iyeyo.

Tinakwera lole ya mbatata. Ku Moatize tinapeza kotentha, fumbi la malasha likulowa mpaka m'mano. Zakariya anali pansi pa mtengo wa masawu, ndipo anali ndi mwendo umodzi. Atamva chimene tadzera, anakankhira ndodo zake kuseri kwa benchi, nati bola amayi ake azimukumbukira ali ndi miyendo iwiri. Ine ndinali nditakweza kale kamera, koma bambo anandigwira mkono.

"Tsitsa, mwanangu. Kamerayi imadziwa kuwala kokha. Munthuyu sanakonzeke."

Ndinakhala pansi mtima ukuwawa, poganiza kuti ulendo wonsewo wapita pachabe. Bambo anavula nsapato yawo n'kumupatsa kuti asoke, nayamba kucheza naye za kwathu: za mapichesi, za chisanu cha m'mapiri, za amene anabwerako ndi amene sanabwere. Anamuuzanso kuti amayi ake amalimabe okha munda wake, ndipo akukana kuupatsa munthu wina. Zakariya anasiya kusoka. Kenaka anatenga ndodo zija, naimirira, nakonza kolala ya malaya ake.

"Mlongo, jambula," anatero. "Thupi lonse. Usabise kanthu."

Ndinapotoza galasi pang'onopang'ono mpaka ndinaona thukuta la pamphumi pake. Timagetsi tija titavomera, ndinagwira mpweya n'kudina.

Filimu inkatsukidwa ku Tete, choncho tinadikira, ine tulo tikundivuta poopa kuti chithunzi chituluka chakuda. Chitafika, bambo anachiyandikiza kumaso, kenaka n'kundifunsa ine kuti chili bwanji. Chinali choyera bwino, moti ngakhale masamba a masawu ankaoneka. Ndinathamanga nacho mpaka kumunda kwa Anaphiri. Anapukuta manja pakapulana, chitenje chimene anavala, natenga chithunzicho n'kuchiyang'anitsitsa, chala chili pachipsera chimene Zakariya anali nacho pachibwano kuyambira ali mwana. Za mwendo sananenepo kanthu. Anangoti mwana wawo waonda, n'kufunsa kuti lole ya ku Moatize imanyamuka liti.

Anabwera naye sabata yomweyo. Nthungululu za amayi a kutchalitchi zinamveka mpaka kumsika, ndipo Anaphiri ankauza aliyense kuti amene anajambula ndi ine. Kuyambira pamenepo anthu ankafika n'kufunsa za ine, ndipo bambo anandikoleka lamba wa kamera m'khosi, osaulandanso.

Kamerayo ndili nayobe, ngakhale timapilya take tikusowa masiku ano. Ndajambula maukwati ndi maubatizo osawerengeka, ndipo ndaona kuti kudina n'kosavuta. Chovuta ndi kukhala pansi ndi munthu mpaka iye mwini avomere kuonedwa mmene alili.